Ulimbo wa pa Mtengo wa Gwafa

Nkhani ya ulimbo umene uli pa mtengo wa gwafa kuseri kwa nyumba yanga yakambidwa kwambiri m'dera lathu lino, ndipo ambiri mwa oikambawo sadalipo pamene zinkachitika. Ena amati chomeracho chidamera chokha, ine ndidangolanda ulemu wa mbalame. Ena amati ndi mankhwala amene ndidakatenga kwathu ku Ntchisi kuti akazi anga asandithawe, ngati kuti munthu amene wandipirira mpaka tonse tachita imvi angayambe lero kufunafuna njira. Alembi a mpingo wathu, bambo amene ndi mnzanga ngakhale kuti sitidagwirizanepo pa chinthu chilichonse, ali ndi kafotokozedwe kawokawo, ndipo kamasintha malinga ndi anthu amene akumvetsera. Ine ndidaphunzira mpaka Folomu 4 pa nthawi imene folomuyo inkalemekezedwa, ndipo ntchito yanga yonse idali yokonza zimene ena alemba molakwa. Choncho ndaona kuti nkhaniyi ndiilongosole ndekha, m'dongosolo lake.

Ndidafika ku Rumphi ndili mnyamata, nditatumizidwa kudzagwira ukalaliki m'maofesi a boma. Maganizo anga adali akuti ndikhale pang'ono kenaka ndipemphe kubwerera kufupi ndi kwathu, koma ndidakwatira mwana wa ku Njakwa, ndipo pempholo silidaperekedwe. Chitumbuka ndimachimva chonse; pochiyankhula ndi pamene akazi anga amati ndimamveka ngati ndaluma mbatata yotentha. Nditapuma pantchito tidamanga nyumba kunja kwa boma pang'ono, iwo n'kudzala manachesi ndi malalanje, ine n'kugula mpando wabwino.

Kwa amene adakulira m'tauni ndiyenera kufotokoza kuti ulimbo si zomata zokha zija zimene zimapakidwa pa kamtengo potchera mbalame. Zomatazo zimachokera m'zipatso za chomera cha dzina lomwelo, chimene sichidziwa dothi. Chimamera m'mwamba, pa nthambi ya mtengo wina, n'kumayamwa madzi a mwini nthambiyo, ndipo chikachuluka mtengo umafooka mpaka kuuma. N'chifukwa chake mlimi aliyense kuno akachiona amathamangira chikwanje. Inenso ndidachidulapo kambirimbiri popanda kuchiyang'ana kawiri.

Chimene chidandisintha ndi galimoto imene idatifera panjira tikupita ku Thazima kukaona wachibale wa akazi anga amene amagwira ntchito yolondera nyama kumeneko. Pamene oyendetsa ankalimbana ndi injini, ine ndidakhala pansi pa mtengo n'kuyang'ana kumwamba chifukwa chosowa chochita. Pamwamba panga padali chitsamba cha ulimbo chodzaza maluwa ofiira, aatali ndi owonda, onse otseka kukamwa. Padatera kambalame kotchedwa choso, kamlomo wopindika, kamene kamamwa madzi a m'maluwa. Kadangogunda duwa limodzi ndi mlomo, duwalo n'kuphulika, timasamba take n'kupindikira m'mbuyo, n'kukawaza kambalameko ufa wachikasu pachipumi. Kadapita pa lina, nalonso chimodzimodzi. Ndidali nditatha zaka zanga zonse nditaweramira mapepala, osadziwa kuti pamwamba pa mutu wanga pamachitika zotere. Galimoto italira ndidakwera monyinyirika, ndipo tisadafike pachipata ndidali nditatsimikiza mtima kuti chomerachi chidzachita maluwa pamalo pamene ndingachione ndili pazenera langa.

Akazi anga atamva ganizoli adandifunsa ngati dzuwa la panjira lija lidandiwomba pamutu. Adati anthu amabweretsa pakhomo mbuzi, nkhuku, ngakhale mlendo wosadziwa kutsanzika, koma sadamvepo za munthu wolera matenda a mitengo. Tidakambirana masiku angapo, ine ndikupereka mfundo, iwo akupeta nyemba. Potsiriza adandipatsa mtengo wa gwafa wa kuseri, umene zipatso zake n'zowawasa moti ngakhale mileme imaulambalala.

"Umenewo tengani, abambo. Koma manachesi anga muwasiye. Ndipo musadzandipemphe kuti ndikuthandizeni, chifukwa ine chinthu chimenecho ndimadana nacho chomene."

Apa ndiyenera kukonza bodza loyamba. Alamu anga ku Njakwa amauza anthu kuti ndidadzala njere za ulimbo m'chitini cha dothi n'kumazithirira ngati tomato. Zoona zake n'zakuti chitinicho chidalipo, ndipo ndidathiriradi, koma cholinga changa chidali kutsimikizira kuti njerezo sizingamere m'dothi. Sizidamere. Munthu wophunzira samangokhulupirira chinthu asadachiyese.

Njira yeniyeni ndidaionera kwa kambalame kena kakang'ono, kamene kamalira tsiku lonse ngati munthu wokhoma zitini patali. Kameneka kamameza chipatso cha ulimbo n'kubweza njere yake, ndipo popeza njereyo imakakamira pamlomo, kamaipukutira pa nthambi. Ulimi wake wonse ndi womwewo. Ine ndidangouika m'dongosolo. Chipatso chiyenera kukhala chakupsa bwino, chothyoledwa tsiku lomwelo. Zanga ndinkakatenga pa mitengo ya m'mbali mwa mtsinje wa Rukuru. Umachifinya ndi zala mpaka njere ituluke ndi zomata zake, n'kuimata pa nthambi yanthete, yonenepa ngati chala, yakhungwa losalala, mbali imene imalandira kuwala. Nthambi yokalamba njere siingathe kuiboola. Sucheka khungwa, sumanga ndi nsanza, monga amanenera ena amene sadayesepo. Ukatero umapita kukasamba m'manja, ndipo pamenepo ndi pamene umamvetsa chifukwa chake mbalame ikatera pa ulimbo siuluka. Sopo sachotsa. Amachotsa ndi mafuta ophikira, amene akazi anga ankandithirira m'dzanja akuyang'ana kumbali.

Njere zambiri zidauma, zina nyerere zidadya, zina mvula idakokolola. Chaka chotsatira ndidabwereza. Pa zonsezo imodzi yokha idatulutsa kamphuno kobiriwira, kamene kadapindika n'kukakamira pa khungwa ngati nkhupakupa pa khutu la ng'ombe. Idali pa nthambi imene ndimaifikira nditakwera pa mtondo wakale wogubuduzidwa pansi pa mtengowo. Kadakhala chomwecho miyezi yambiri osaonetsa chilichonse, kenaka kadatulutsa timasamba. Ndidaitana akazi anga kuti adzaone. Adabwera, adayang'ana, n'kunena kuti nkhuku zalowa m'khitchini.

Kusamala ulimbo n'kusamala mtengo umene waubereka, chifukwa ulimbowo sulandira kanthu kuchokera m'dzanja la munthu. M'chilimwe ndinkathirira mtengowo madzi otsukira mbale, ndinkaika manyowa a mbuzi kuzungulira tsinde, ndiponso ndinkadulira nthambi zimene zinkatchinga dzuwa. Mlendo mmodzi pa mtengo umodzi ndi wokwanira, ndipo ndidalonjeza kuti zipatso zikadzayamba ndizidzazithyola mbalame zisadazinyamulire pa manachesi. Mtengo wa gwafawo, umene sudaonepo chisamaliro chotere chiudzalire, udanenepa mpaka anthu adayamba kunena kuti ulimbo umagwira ntchito ngati feteleza. Limenelo ndi bodza lachiwiri. Nthambi idatupa pamene padalowa muzu, chitsamba chidakula kufika ngati dengu, cha masamba okhuthala otuwirako, koma zaka zinkapita popanda duwa ngakhale limodzi.

M'zaka zomwezo maso anga adayamba kuchita nkhungu. Adokotala adati ndi ng'ala, ndipo adandiuza kuti ndibwere mu Okutobala adzandichite opaleshoni ya diso limodzi. Kutatsala pang'ono kuti ndipite, ndikupapasa chitsamba changa monga ndinkachitira m'mawa uliwonse, zala zanga zidakhudza tinthu tolimba, tosongoka, tounjikana pa mfundo za nthambi zake. Adali maluwa, asadatsegule. Ndidapita kuchipatala ndi mtima wa mkwati: ndikabwerako ndi diso latsopano, ndipo maluwa oyamba adzakhala akundidikira.

Tsopano ndifotokoze mwambo wa mumpingo mwathu umene ndidauyambitsa ine, ngakhale kuti ena masiku ano amadzitcha eni ake. Mkhristu akagonekedwa m'chipatala, madoda, monga amatchulidwira amuna aakulu kuno, amapita kunyumba kwake ndi makasu ndi zikwanje kukalambula pabwalo, kusadza mitengo ndi kukonza mpanda, kuti wodwalayo pobwera apeze pakhomo pali poyera. Pamsonkhano umene tidakhazikitsa mwambowu ndidaimirira n'kuwonjezera mfundo yakuti mwini nyumba asamafunsidwe, ndipo akakana asamamveredwe, chifukwa anthu athu amakana chithandizo chifukwa cha manyazi chabe. Mfundoyi adaiwombera m'manja. Idali mfundo yabwino, ndipo mpaka lero ndikuti idali yabwino.

Tsiku loti mawa lake ndichitidwa opaleshoni, alembi adabwera kudzandizonda atanyamula nthochi. Titapemphera adandigwira dzanja.

"Adada, za kunyumba musaganize. Mawa tonse tili kwanu. Ngakhale chisa cha akhwangwala chija pa gwafa, mukapeza tachotsa. Takhala tikuchiona, ndipo tikudziwa kuti maso ndiwo amakulepheretsani."

Ndidayankha kuti mtengowo sukufunika kusadzidwa, ndipo chomeracho ndidadzala dala. Koma alembi ankakhulupirira, monga ambiri, kuti chidamera chokha, ndiponso kuti ine ndinkanena zodzala pofuna kubisa kuti ndalephera kuchidula. Adaseka, n'kutembenukira kwa wodwala wa pabedi loyandikana ndi langa.

"Mwawamva? Eni ake a lamulo ndi amenewa. Adatiphunzitsa okha kuti wodwala akakana, ndiye kuti wavomera."

Ndikadatani? Kukana manja a mpingo kuli ngati kubweza mbale ya chakudya pakhomo, ndipo kukangana pabedi la chipatala ndi munthu amene wakubweretsera nthochi n'kupanda mwambo. Ndidangothokoza m'Chitumbuka kuti yewo chomene.

Atangotuluka ndidaimbira foni akazi anga. Ndidawafotokozera zonse mwatsatanetsatane, ndipo ndidawapempha, ine amene sindidazolowere kupempha, kuti aletse anthuwo kufika kuseri.

"Ine ndiletse madoda a mpingo, abambo? Pakhomo panga? Adzati mkazi wa mkulu wa mpingo wathamangitsa alendo. Nanga lamulo lija adaika ndani?"

"Amayi, maluwa ali pafupi kutsegula."

"Inu ganizani za diso. Ine ndili ndi chindongwa pamoto."

Chindongwa ndicho chimene kwathu timati thobwa, ndipo nditachimva chikutchulidwa ndidadziwa kuti alendowo alandiridwa ndi manja awiri. Opaleshoni idayenda bwino. Anamwino adandiyamikira kuti ndidagona phee osagwedezeka, osadziwa kuti mtima wanga udali kuseri kwa nyumba, ukumvetsera zikwanje.

Adanditulutsa tsiku lotsatira, diso lili lomatidwa ndi thonje. Nditatsika galimoto ndidaona ndi diso lotsalalo, lankhungu lija, kuti madoda adagwira ntchito ndi mtima wonse. Mpanda udali wometedwa ngati mutu wa mwana wasukulu, mitengo ya mango idali itasadzidwa, ngakhale maluwa ena a pakhonde adapita limodzi ndi udzu. Sindidalowe m'nyumba. Ndidazungulira kuseri chikwama chili m'manja, akazi anga akundikalipira m'mbuyo kuti adokotala aletsa fumbi. Mtengo wa gwafa udali chilili, wokhawokha wosametedwa pabwalo lonse. Ndidakwera pa mtondo n'kukweza dzanja. Chitsamba chidalipo, maluwa ake onse ali chitsekere.

Alembi amauza anthu kuti atafika pamtengopo mtima udawaletsa pokumbukira mawu anga. Limenelo ndilo bodza lalikulu m'nkhaniyi. Ndidafunsa anthu amene adalipo, aliyense payekha, ndipo zidayenda motere.

Mumpingo mwathu muli mkulu wokalamba kuposa tonse, amene aliyense, ngakhale abusa, amawatcha asekuru. Ntchito za manja adasiya kale, ndipo kokalambula saitanidwa. M'mawa wa tsikulo akazi anga adapita okha kukawatenga, n'kuwauza kuti ntchito ya pakhomo pa mkulu mnzawo siingayambe popanda pemphero lawo. Pemphero litatha, akazi angawo adatulutsa mpando wanga, umene munthu wina aliyense sakhalapo, n'kukauika pansi penipeni pa nthambi ya ulimbo, ati chifukwa mthunzi wabwino uli pokhapo. Adawapatsa tiyi ndi mbatata yofewa, adayala mphasa pambali pawo, ndipo adawafunsa kuti kodi zinkayenda bwanji pamene ali anyamata ankatsika phiri wapansi kupita ku Chitimba kukagula usipa. Nkhani imeneyo tonse timaiopa. Poyambira pake timapadziwa, koma pothera palibe amene adapaonapo.

Madoda adalambula kutsogolo, adamaliza m'mbali, potsiriza adafika kuseri, alembi ali patsogolo ndi chikwanje. Pamenepo adaima. Palibe munthu woleredwa bwino kuno amene angakweze chikwanje pamwamba pa imvi za mkulu, kapena kugwetsera masamba m'kapu yake. Ndipo ndani angauze asekuru kuti asunthe chifukwa anthu akufuna kugwira ntchito? Alembi adatsokomola. Adanena mwaulemu kuti dzuwa latembenuka, mwina mthunzi wa pakhonde ungakhale wozizira bwino. Asekuru adayankha kuti pamene akhalapo pali bwino chomene, ndipo popeza alembi afika, akhale pansi amve za ng'ona imene adakumana nayo kunyanja. Alembi adakhala pa mphasa, chikwanje chili pamiyendo.

Ngozi idalipo imodzi, ndipo akazi anga adali ataiganizira kale. Munthu wokalamba amene wamwa tiyi, kenaka chindongwa, sangakhale pampando mpaka kalekale. Asekuru atapempha ndodo yawo kuti apite kukadzithandiza, alembi adadzuka n'kuyang'ana m'mwamba. Nthawi yomweyo akazi anga adagwada patsogolo pawo ndi beseni la madzi osamba m'manja, amayi a mumpingo amene ankathandiza kuphika n'kuyamba kutula mbale pa mphasa yomweyo, pansi pa mtengo. Munthu sasiya mayi atagwada ndi madzi kuti akadule nthambi. Onse adasamba, onse adadya, ndipo asekuru atabwerera pampando, akazi anga adawapempha kuti, popeza madoda atopa ndipo dzuwa lakula, atseke ntchitoyo ndi pemphero. Kuno ameni wotsekera akanenedwa, khasu silikwezedwanso. Madoda adanyamula zida zawo n'kumapita, alembi akucheukacheuka.

Nditapita kukathokoza asekuru, ndidawafunsa ngati ankadziwa chimene ankalondera. Adaseka mpaka kutsokomola. Adati adazindikira atangoona kumene mpando waikidwa, chifukwa mthunzi wa gwafa si wopatsa mlendo wolemekezeka. Koma chimwalirire akazi awo palibe amene adawamvetserapo nkhani ya ku Chitimba mpaka kufika nayo kunyanja, ndipo kuti amvetseredwe chotero akadalola kukhala ngakhale pansi pa chisa cha mavu.

Akazi anga okha ndiwo amakana mpaka lero kuti padali cholinga chilichonse. Amati mpando udaikidwa pamene padali mthunzi, chakudya chidafika chifukwa chidapsa, ndipo ulimbo amadana nawo monga kale. Mawu amenewa ndawasiya momwe alili, osawakonza.

Patapita masiku owerengeka, thonje litachotsedwa, ndidakokera mpando pazenera la kuchipinda m'mamawa. Diso latsopano linkandionetsa zinthu zimene ndidali nditaziiwala: mizere ya pa tsamba la gwafa, ndi ming'alu ya pakhoma imene ndinkaganiza kuti nyumba yanga ilibe. Maluwa adali atafiira bwino. Kambalame ka choso kadatera pa nthambi, konyezimira pakhosi ngati kapakidwa mafuta, kadayang'ana uku ndi uku, n'kugunda duwa loyamba. Lidaphulika. Ndidaitana akazi anga motsitsa mawu kuti ndisakaopseze, ndipo adabwera ndi lichero m'manja, n'kuima kumbuyo kwa mpando wanga.

"Chindongwa changa chonse chija chidathera timachesi timeneti?"

Ndidati inde, amayi, timeneti.

Kambalameko kadagunda duwa lina.

"Sunthani pang'ono, abambo. Mukunditchinga."